Zilonda, Zotupa ndi Matuza: Tanthauzo la Mawu Olembedwa pa Khadi Lanu

Ngati mumakhala ku minda ya tiyi ya ku Honde Valley kapena ku Chipinge, mukudziwa kuti anamwino ambiri amalankhula Chishona kapena Chindau, ndipo zimene apeza amazilemba m'Chingerezi. Tsamba ili likuthandizani kumva mawu amene amalembedwa akapeza chachilendo pakhungu kapena m'kati mwa thupi lanu.

Kodi lesion n'chiyani?

Mawuwa amatanthauza malo alionse a thupi amene asintha chifukwa cha matenda kapena kuvulala. Sakutchula matenda enieni, ndipo paokha sakutanthauza khansa. Chipere, njerewere ndi bala la chikwanje, zonsezi zimatchedwa lesion.

Mayina ake

- Macule: banga losatukuka, losintha mtundu chabe.
- Papule: kachotupa kolimba kosapitirira sentimita 1.
- Nodule: chotupa chokulirapo, chozama m'mnofu.
- Vesicle ndi bulla: thuza laling'ono ndi thuza lalikulu. Matuza opweteka ondandalika mbali imodzi ya thupi nthawi zambiri amakhala mashingozi.
- Abscess: chithupsa chodzaza mafinya.
- Ulcer: chilonda chokumbika, pakhungu, m'kamwa kapena m'mimba.
- Cyst: kathumba ka madzi kapena mafuta.

Mawu akuti benign amatanthauza chotupa chosafalikira, pamene malignant ndi khansa. Kuti asiyanitse ziwirizi, adokotala amadula kamnofu kochepa n'kukakapima. Kupima kumeneku ndiko biopsy.

Kwa amayi

Zipatala za m'Zimbabwe zimayeza khomo la chiberekero m'njira yotchedwa VIAC. Namwino amapaka viniga pakhomopo, ndipo malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Akakuuzani kuti apeza precancerous lesion, dziwani kuti khansa sinayambe, koma ingadzayambe malowo akapanda kuchizidwa. Amawachiza powaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, powatentha kapena powadula. Musaphonye tsiku limene akupatsani.

Pitani kuchipatala msanga ngati muli ndi:

- chilonda chimene chatha milungu itatu osapola;
- chilonda cha kuphazi pamene muli ndi matenda a shuga;
- mawanga akuda kapena ofiirira m'miyendo kapena m'kamwa, chifukwa angakhale khansa ya Kaposi sarcoma, yomwe imagwira kwambiri anthu amene ali ndi HIV;
- chotupa cholimba m'bere, m'khosi kapena m'khwapa, ngakhale chisakupweteka;
- bala lotupa, lotentha, limene labweretsa kutentha thupi.

Mmene mungafotokozere

Uzani namwino tsiku limene chinayamba, ngati chikukula, kuyabwa, kupweteka kapena kutuluka magazi. Tchulaninso ntchito yanu. Othyola tiyi amakhala nthawi yaitali m'mame ndi m'majombo onyowa, zimene zimabweretsa zilonda pakati pa zala za kumapazi, ndipo mankhwala opopera m'munda angathe kuwenga khungu. Musafinye chotupa, musachiteme mphini, ndiponso musapakepo mankhwala osadziwika.

Yambirani pa kiliniki ya pafupi. Ngati pakufunika kupima kwina, adzakutumizani ku Hauna District Hospital kapena ku Chipinge District Hospital, ndipo zikavuta, ku Victoria Chitepo Provincial Hospital ku Mutare. Nyamulani khadi lanu ulendo uliwonse. Ngati mawu ena simunawamve, pemphani namwino akufotokozereni musanatuluke m'chipindamo.