Matenda a timadontho toyera mu nsomba za m'madzi amcere

Pakati pa matenda amene amagwira nsomba zokongoletsa za m'nyanja zamcere zowetedwa m'mathanki agalasi, ofala kwambiri ndi a timadontho toyera tonga mcere wosinja. Amadza ndi kacirombo kochedwa Cryptocaryon irritans, dzina limene wasayansi Eleanor Brown anakapatsa ku London mu 1951. Nsomba yodwala imadzikhula pamiyala, imapuma mofulumira ndipo imaleka kudya. Kacirombo kakaculuka m'ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu, nsomba imafa cifukwa cosowa mpweya.

Cimene cimasokeretsa oweta ambiri ndi cakuti timadonthoti timazimiririka tokha pakapita masiku ocepa, ndipo mwini thanki amayesa kuti nsomba zacira. Koma pamenepo kacirombo kamakhala kangosintha malo. Kamadya pathupi pa nsomba kwa masiku 3 mpaka 7, kenaka kamagwera pansi, kumamatira pamcenga kapena pamwala ndi kudzikuta m'cikopa colimba. M'menemo kamagawikana mpaka kubala ana okwana ngati 200. Nthawi zambiri anawo amatuluka pakati pa masiku 3 ndi 28, ngakhale kuti m'madzi ozizirirapo ena anaonedwa akutuluka patapita masiku 72. Akatuluka amasambira kufunafuna nsomba, ndipo akalephera kuipeza m'tsiku limodzi kapena awiri amafa. M'nyanja yaikulu ambiri amaferatu conco. M'thanki, mmene nsomba zili pafupi ndipo zilibe kothawira, mliri waciwiri umaposa woyamba.

Mankhwala amagwira kwenikweni ana osambirawo. Kacirombo kamene kali pansi pa khungu la nsomba kapena m'cikopa cake sikakhudzidwa kwenikweni. N'cifukwa cake cithandizo ca masiku awiri kapena atatu cimangotayitsa ndalama.

Mankhwala odalirika kuyambira kale ndi a mkuwa, pa mlingo wa mamiligilamu 0.15 mpaka 0.20 a mkuwa wosungunuka pa lita imodzi ya madzi, kwa milungu itatu kapena inayi. Mlingowu uyenera kupimidwa tsiku ndi tsiku, pakuti ukacepa sugwira nchito ndipo ukapyola umapha nsombazo. Mkuwa umaphanso nkhanu, nkhono ndi makorali, ndiponso umalowerera m'miyala, motero nsomba zimapatsidwa mankhwalawa m'thanki yapadera yopanda mcenga. Ena amagwiritsa nchito kolorokwini, mankhwala amene anali odziwika muno mu Zambia pociza malungo asanalowedwe m'malo ndi Coartem kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000.

Palinso njira zosafuna mankhwala. Madzi a m'nyanja ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mcere pa lita. Mcerewo ukatsitsidwa pang'onopang'ono kufika pa magalamu 15 kwa milungu inayi kapena kuposerapo, nsomba zambiri zimapirira koma kacirombo kamalephera kuswana. Njira ina, imene Angelo Colorni wa ku Eilat m'dziko la Israel anafotokoza m'zaka za m'ma 1980, ndi yosamutsira nsomba m'thanki ina yoyera masiku atatu alionse, kanayi motsatizana, kuti tizirombo togwera pansi tizitsala m'mbuyo tisanaswe. Njirayi imafuna khama, cifukwa thanki yosiyidwa iyenera kutsukidwa ndi kuumitsidwa bwino.

Pamene nsomba zikulandira cithandizo, thanki yaikulu imasiyidwa yopanda nsomba iliyonse kwa milungu 10 kapena 11, kuti ana onse atuluke ndi kufa ndi njala. Kubwezeramo nsomba nthawiyi isanakwane ndiko kumayambitsanso matenda m'mathanki ambiri.

Matendawa asasokonezedwe ndi ena oopsa koposa, obwera ndi Amyloodinium ocellatum. Apa nsomba imaoneka ngati yawazidwa fumbi losalala, ndipo kawirikawiri imayamba kubanika fumbilo lisanaoneke. Ikhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu. Kutsitsa mcere sikuthandiza, popeza kaciromboka kamapirira madzi a mcere wocepa. Cofunika ndi mkuwa kapena kolorokwini mwamsanga. Kuviika nsomba kwa mphindi zitatu mpaka zisanu m'madzi opanda mcere, ofanana kutentha ndi a m'thanki, kumagwetsa tizirombo tina ndi kuipatsa mpumulo, koma sikuciza.

Nsomba za m'madzi opanda mcere, monga zokongola za m'nyanja ya Tanganyika zimene zimagwidwa ca ku Mpulungu, zili ndi matenda awo a timadontho toyera, koma odza ndi kacirombo kena, Ichthyophthirius multifiliis, kamene sikakhala m'madzi amcere.

Tizirombo tonseti timalowa m'thanki ndi nsomba zatsopano, miyala yonyowa kapena maukonde osinthana. Akatswiri amalangiza kuti nsomba yongogulidwa kumene isungidwe payokha kwa milungu yosacepera inayi, ndi ukonde wake ndi cidebe cake, ngakhale ioneke yathanzi.