Mbiri ya Zotsekemera m'Dziko la Lundazi

Masiku ano mwana wa ku Lundazi akapatsidwa kandalama amathamangira ku sitolo kukagula switi kapena citumbuwa, ndipo saganizapo kanthu. Amai ace nawonso amathira shuga m'tiyi monga ngati cinthuci cinalipo ciyambire. Koma shuga ndi mlendo m'dziko lino. Anafika pamitu ya anthu amene anayenda miyezi kukamfuna, ndipo mbiri yace ndi imodzi ndi mbiri ya msonkho, ya maulendo a kunja, ndi ya makomo amene anthu akuda analetsedwa kulowapo.

Kale makolo a Atumbuka, Acewa ndi Angoni a dziko la Magodi, Mphamba, Mwase ndi Zumwanda sanali osowa zotsekemera. Cacikulu cinali uci. Amuna anali kusenda makungwa a mitengo, napanga ming'oma, naipacika m'nkhalango. Ena anali kutsata mbalame ija yochedwa nsadzu, imene imatsogolera munthu ku phanga la njuci, ndipo mwambo unali wakuti wofula uci asiyireko mbalameyo kacisa. M'minda munali misale, m'madimba munali nzimbe ndi nthoci. Mvula ikayandikira masuku anali kupsa, ndipo ku cigwa ca Luangwa kunali malambe ndi bwemba. Akazi anali kudziwa kumeretsa cimera kuti thobwa litsekemere popanda kuthiramo kanthu kena. Zonsezi zinali ndi nyengo yace, ndipo sizinali kugulidwa ndi ndalama. Nyengo ikatha, anthu anali kuyembekeza caka cina.

Cimene cinasintha zinthu ndi msonkho. Pamene kampani ya British South Africa inakhazikitsa ulamuliro wace ku North-Eastern Rhodesia, inalamula m'zaka zoyamba za m'ma 1900 kuti nyumba iri yonse izipereka msonkho wa ndalama. Koma ndalamazo zikanacokera kuti? Ku Lundazi kunalibe mgodi, kunalibe njanji, ndipo msika wa mbeu unali kutali. Cotero anyamata anamanga akatundu ao. Ena anatsikira ku Fort Jameson, kumene tsopano tikuti Chipata, kukalima fodya wa Azungu. Ambiri anapitirira mpaka ku Halale, ndiko ku Southern Rhodesia, kuoloka Zambezi atayenda masabata ambiri pansi. Ena anafika ku Joni. Golide atapezeka ku Lupa m'dziko la Tanganyika mu 1922, ena analunjika kumpoto, ndipo migodi ya mkuwa itatseguka ca m'ma 1930, Kitwe ndi Luanshya zinameza otsala. M'zaka zomwezo Boma la Southern Rhodesia linayamba kutenga anchito pa magalimoto osalipira, amene anthu anawacha Ulere.

Kumeneko ndiko kumene anthu athu anaphunzira kumwa tiyi. Phoso la pa nchito linali ufa, nyemba, mcere ndi kanyama pang'ono. Koma mwezi ukatha munthu anali kutapako pa malipiro ace nagula shuga, buledi ndi mabanzi. Amene anagwira nchito ya ukhukhi m'nyumba za Azungu anaphunzira kuphika makeke ndi jamu. Pobwera kwao, pamodzi ndi bulangeti, nsalu ndi njinga, anali kunyamula ketulo, makapu ndi phukusi la shuga. Tsiku limenelo mudzi wonse unali kusonkhana, akulu nalawa madzi ofiira otsekemerawo, ana nanyambita zala. Kapu ya tiyi inakhala cizindikiro ca munthu woyenda, ndipo mnyamata amene sanaonepo njanji anali kucita manyazi pamaso pa atsikana.

Koma walira mvula walira matope. Shuga wa m'phukusi anali kutha m'masabata owerengeka, ndalama nazo zinali kutha, ndipo mwini wace anali kunyamukanso. Minda inatsala m'manja mwa akazi ndi nkhalamba. Ana ambiri anakula osadziwa nkhope za atate ao. Ena mwa oyendawo sanabwerenso konse, ndiwo amene timawacha machona, ndipo manda ao ali ku Wankie, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Tikawerenga bwino, mtengo weniweni wa shuga woyamba uja unali anthu.

Pamene eni dziko anali kuturuka kukafuna ndalama, alendo a kutsidya kwa nyanja anali kulowa kudzaona dziko. Bwanamkubwa wa Boma la Lundazi, Errol Button, anaganiza zomanga nyumba yogonamo alendo, ndipo pakati pa 1948 ndi 1952 amisiri a kuno anaumba njerwa namanga nyumba yodabwitsa m'mbali mwa damu, yokhala ndi nsanja ndi mazenera aang'ono, yofanana ndi malinga a mafumu akale a ku England. Ndiyo imene idziwika ndi dzina lakuti Lundazi Castle. M'nyengo yomweyo Norman Carr, mogwirizana ndi Mfumu Nsefu, anatsegula msasa woonerako nyama ku Luangwa mu 1950, ndipo alendo anayamba kucuruka m'cigawo ca kum'mawa. M'nyumba zotere cakudya cinali kubwera mbale ndi mbale: poyamba supu, kenaka nyama, potsiriza cotsekemera. Ophika ndi operekera anali anthu akuda. Koma okhala pa thebulo anali Azungu.

Tsankho limeneli linali ponseponse m'dziko la Northern Rhodesia. M'matauni munthu wakuda anali kugula nyama kapena shuga pa kazenera ka kumbali kwa sitolo, osaloledwa kulowa ndi kusankha yekha, ngakhale ndalama yace inali yofanana ndi ya wina ali yense. Cifukwa ca ici African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula, inauza anthu kuti aleke kugula m'mabuchala a ku Lusaka mu 1954, ndipo mu 1956 kunyanyalako kunafalikira ku masitolo a ku migodi. Kenneth Kaunda analemba m'buku lace la Zambia Shall Be Free m'mene anaturutsidwira m'nyumba yodyeramo ku Kitwe cifukwa ca khungu lace. Mu 1960 ndi pamene lamulo linatsegula mahotela, nyumba zodyeramo ndi za kanema kwa mitundu yonse, ndipo ngakhale pamenepo Azungu ena a ku migodi anacita cipolowe. Ufulu umene unadza pa 24 October 1964 unali wa mbendera ndi wa nyumba ya malamulo, komanso unali wa cinthu caching'ono ici, cakuti munthu akhale pa mpando, aitanitse tiyi, napatsidwa.

Anthu wamba sanayembekeze lamulo kuti adye zokoma. Amwenye a ku Gujarat, amene anafika ku Fort Jameson ca m'ma 1905 nafalikira pang'onopang'ono mpaka ku Lundazi, anali kugulitsa shuga wopima pang'ono ndi maswiti a m'mabotolo. Machona obwerera ndi akazi ocenjera anatsegula timatiirumu pa misika ndi pokwerera basi, nagulitsa tiyi, masikono, zitumbuwa ndi cikondamoyo. Ufulu utabwera, Boma la Zambia linaletsa Wenela kulemba anthu m'dziko lino, ndipo mu 1968 fakitale ya Nakambala ku Mazabuka inayamba kupanga shuga wa nzimbe zolimidwa kwathu konkuno. Kuyambira pamenepo munthu sanafunikenso kuoloka Zambezi kuti ana ace alawe tiyi.

Cotsiriza m'mbiri iyi ndi cakuti uci wabwereranso. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 bungwe la COMACO linayamba nchito m'dera la Lundazi, kugula uci, nsawa ndi mpunga kwa alimi amene alonjeza kuleka kupha nyama za m'chire, ndipo zinthuzi zinafika m'masitolo aakulu a ku Lusaka. Dziko limene linali kutumiza ana ace kukatenga zotsekemera kunja linayamba kutumiza zotsekemera zace, anawo nakhala pamudzi. Asing'anga a m'zipatala akuticenjeza kuti shuga wocuruka amaononga mano nanenepetsa thupi, ndi kuti nthenda ya shuga ikukula pakati pathu. Tsono inu anyamata ndi atsikana, pothira supuni yacitatu m'kapu, kumbukirani agogo anu amene anaiyendera pansi miyezi, ndipo musadule mtengo umene njuci zifunapo maluwa.