Mpingo wa pa Mbombwe

Mnyamata wa ku Chiradzulu

Mukagwira ndalama ya K2,000, yang'anani nkhope ili pamenepo. Ameneyo ndi Mbusa John Chilembwe. Kwawo kunali ku Chiradzulu. Ali mnyamata ankagwira ntchito kwa mmishonale wina dzina lake Joseph Booth, ndipo anabatizidwa mu 1893. Mu 1897 awiriwa anapita ku America, kumene Chilembwe anaphunzira za ubusa mumzinda wa Lynchburg. Atabwerako mu 1900, anayamba mpingo pa Mbombwe. Dzina lake ndi Providence Industrial Mission, koma tonse timangoti PIM.

Baibulo, khasu ndi singano

Ambiri akamva dzina la Chilembwe amaganiza za nkhondo basi. Koma kwa zaka 15 ntchito yake inali ina. Ankalalikira, ankatsegula sukulu m'midzi, ankalimbikitsa anthu kulima thonje ndi khofi. Mowa sankaufuna. Ankafuna kuti munthu wakuda azivala bwino, azisamba, aziyenda mutu uli m'mwamba.

Anthu awiri akuda a ku America anabwera kudzathandiza, Mbusa Landon Cheek ndi Mayi Emma DeLany. Mayi DeLany pamodzi ndi Mayi Ida, akazi a Chilembwe, ankaphunzitsa amayi kusoka. Taganizani mayi amene anazolowera khasu ndi mtondo, lero wagwira singano, akusokera mwana wake malaya.

M'sukulu za PIM simunali ana okha. Akuluakulu nawonso ankakhala pansi n'kumaphunzira kuwerenga. Manyazi anawasiya kunyumba.

Mu 1913 anthu anamaliza kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa pa Mbombwe.

Thangata

Pafupi ndi Mbombwe panali esiteti ya Magomero. Anthu okhala m'menemo, ambiri a iwo Alomwe, ankagwira thangata. Uku kunali kulimira mzungu m'malo molipira malo okhalapo. Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, anali wankhanza. Akhristu a PIM akamanga kachisi wa udzu, iye ankalamula kuti atenthedwe. Kenako mu 1914 kunabuka nkhondo ya azungu, ndipo anyamata athu anayamba kufa pa mkangano umene sunali wawo. Chilembwe analemba kalata yodandaula, koma boma la atsamunda silinamve.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Livingstone anaphedwa. Boma linabwezera moopsa. Ambiri anaphedwa, ena anamangidwa. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi Mulanje. Tchalitchi chokongola chija asilikali anachiphulitsa, ndipo mpingo unatsekedwa.

Amene anadzutsa mpingo

Pano pali dzina limene sitiyenera kuliiwala, Dr. Daniel Sharpe Malikebu. Anali mwana wa sukulu pa Mbombwe pomwepo. Mayi DeLany atabwerera kwawo, iye anawatsatira mpaka ku America. Kumeneko anaphunzira za udokotala ndi za ubusa.

Akanatha kukhala komweko n'kumadya bwino. Koma mtima wake unali kumudzi. Atabwera koyamba, boma silinamulole kukhazikika. Sanataye mtima. Mu 1926 analoledwa, ndipo iye ndi akazi ake, Mayi Flora, anatsegulanso mpingo patapita zaka 11. Akhristu amene anabalalika anayamba kubwerera. Anaumbanso njerwa, namanga tchalitchi china. Dr. Malikebu anatsogolera mpingowu mpaka 1971. Kudzutsa chinthu chimene chinagwa ndi ntchito yolemetsa, ndipo bamboyu anaisenza zaka 45.

Lero

Chaka chilichonse pa 15 Januwale, Amalawi amakumbukira Chilembwe, ndipo anthu amasonkhana pa Mbombwe kudzapemphera. Tsikulo likafika, itanani ana ndi adzukulu anu. Awerengereni nokha nkhani iyi, ndipo musaiwale kuwatchulira dzina la Malikebu.