MBIRI YA NSALU NDI LUSO LOSOKA MOSATAYA CHIGAMBA

Munthu akamayenda m'misewu ya ku Limbe kapena ya mu Blantyre, amaona atelala ali jijirijijiri ndi makina awo m'makhonde a masitolo. Pansi pa makinawo pamakhala tizidutswa ta nsalu tili mbwee, ndipo madzulo mnyamata amatisesa n'kukatitaya kudzala. Agogo athu akadadzuka lero akadagwira pakamwa, pakuti m'masiku awo nsalu sinali chinthu choseweretsa. M'nkhani ino tiona kumene nsalu inachokera, mmene amayi ankasokera zovala zawo zam'kati, ndiponso chifukwa chimene lusoli likuzilala.

Kalekale makolo athu ankavala nyanda. Iwo ankasenda khungwa la mtengo wa mombo, kuliviika m'madzi ndi kulisula mpaka litafewa. Komabe si onse amene ankadalira nyanda. Pamene David Livingstone anafika m'chigwa cha Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawozawo. Kuomba nsalu imodzi kunkatenga masiku ambiri, choncho palibe amene akadalimba mtima kuidula ndi mpeni. Mayi ankangoikulunga m'thupi yathunthu n'kuimanga pachifuwa, ndipo nsalu yomweyo inkagwira mabere.

Zinthu zinayamba kusintha pamene mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876. Patapita zaka ziwiri kunabadwa kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, ndipo inkagulitsa nsalu zoombedwa ndi makina kunja kwa dziko lino. Amwenye nawonso anatsegula masitolo mu Blantyre ndi ku Limbe. Nsalu zakunjazi zinagonjetsa zoomba pamanja, mwakuti luso la kuomba linafa pang'onopang'ono. M'malo mwake munalowa luso lina, pakuti kumishoni atsikana ankaphunzitsidwa kugwira singano ndi sizasi.

Chovala chogwira mabere, chimene ambiri timachitcha kamisolo, nachonso chili ndi mbiri yake. Mu 1914 mayi wina wa ku New York, Mary Phelps Jacob, analembetsa kuboma chovala chimene anachipanga polumikiza timipango tiwiri ta m'manja ndi kachingwe. Tikuona apa kuti ngakhale kwa Azungu chovala cha mayiyu chinayamba ndi tinsalu ta ngodya zinayi, topanda chodula n'kutaya.

Amayi a kuno kwathu anatulukira nzeru yofananayo paokha. Ndikukumbukira mayi anga ali pamkeka ku Ndirande, akusoka kamisolo kuchokera ku nsalu yotsala pa diresi. Ankayeza chifuwa ndi chingwe, popeza tepi analibe. Kenaka ankang'amba nsalu yaitali yozungulira thupi, napinda timakwinya kutsogolo kuti bere likhale bwino, osadula kanthu. M'mphepete mwa nsaluyo ankachotsamo timizere tiwiri ta pamapewa, ndipo kachidutswa kotsiriza kankalimbitsa pamene pankakhala mabatani. Akamaliza, pamkeka pankatsala ulusi wokhawokha. Ngati chigamba chatsalabe, chinkalowa m'thumba kudikira tsiku limene kabudula wanga adzabooke. Paja akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nsalu inayamba kuombedwanso kwathu konkuno. Mu 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa mu Blantyre, ndipo thonje la alimi a ku Chikwawa ndi madera ena linkasanduka zitenje ndi nsalu za yunifolomu. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Lamuloli linapondereza ufulu wa amayi, ndipo m'nyengoyo chitenje chinali chovala cha tsiku ndi tsiku. Chitenje ndicho mfumu ya zovala zosataya kanthu: mamita awiri omwewo ndi chovala, mbereko, duku, nkhata ndiponso chofunda. M'zaka zimenezo atsikana a kupulayimale ankaphunzira zosokasoka, ndipo ife aphunzitsi tinkaona mwana akunyadira chovala chosoka yekha.

Lamulo lija linatha m'nyengo ya kusintha kwa ndale, Amalawi atasankha ulamuliro wa zipani zambiri mu 1993. Nyengo yomweyo malonda anamasuka, ndipo mabelo a kaunjika anasefukira m'misika ya Limbe, Ndirande ndi Bangwe. Tisaname, kaunjika anathetsa usiwa m'mabanja ambiri osauka. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Fakitale ya Whitehead inalephera kupikisana ndi zovala zotsika mtengo, ndipo mu 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto. Atelala ambiri anasanduka ongochepetsa zovala zosokedwa kutali. Lero mtsikana amagula kamisolo yovalidwa kale ndi munthu wosamudziwa, kawirikawiri yosamukwana, chonsecho agogo ake ankasoka yoyenera thupi lawo.

Chodabwitsa n'chakuti maiko olemera tsopano akufunafuna nzeru imene ife tikuitaya. Poona milu ya nsalu zotayidwa m'mafakitale, akatswiri a zosoka akuphunzira kujambula mapatani oti chidutswa chilichonse chilowe m'chovala. Amatengera chitsanzo pa kimono ya ku Japan ndi sari ya ku India, zovala zimene nzeru yake ndi yofanana ndi ya chitenje chathu.

Pomaliza, sitikunena kuti tibwerere ku nyanda. Tikunena kuti wodziwa kusoka sagwidwa ndi usiwa, ndipo wosamala chigamba amasamala ndalama ndi dziko lomwe. Inu ophunzira, anyamata ndi atsikana omwe, kafunseni agogo anu mmene ankadulira nsalu, iwo akadali moyo. Akadzapita, palibe buku limene lidzakuuzeni zonse zimene manja awo ankadziwa.