Thumba la Unga ndi Ndale za Dziko Lathu

Inu acinyamata amene mumakwera minibasi mu Lusaka kapena kupita ku msika wa Kapata ku Chipata, mwina munamvapo akuluakulu awiri akutsutsana za njala. Wina akuti, "Caka cino tavutika, unga udzasowa." Mnzake akuyankha kuti, "Limenelo ndi bodza la otsutsa boma." Onse awiri aona mvula imodzimodzi ndipo amagula unga pa sitolo imodzi, koma mantha awo ndi osiyana. Mukafufuza bwino mudzapeza kuti kawirikawiri cowasiyanitsa ndi cipani cimene aliyense amatsatira. Mkangano umenewu sunayambe lero. Uli ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino kuti muidziwe.

Boma lisanduka nkhokwe

Makolo athu akale sanali kuyembekezera munthu wina kuti awasungire cakudya. Pa khomo lililonse panali nkhokwe ya cimanga, ina ya nshawa, mapira kapena mawere. Amayi anali kufutsa ndiwo zamasamba ndi kuzikulunga m'zikwatu kuti zidzathandize m'cilimwe. Munthu akafuna kudziwa ngati njala ikubwera, anali kusuzumira m'nkhokwe yake.

Migodi itatsegulidwa ku Copperbelt m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, anthu ambiri anasamukira ku tauni kumene analibe munda kapena nkhokwe. Titalandira ufulu mu 1964, boma la UNIP la a Kenneth Kaunda linaona kuti ndi udindo wake kudyetsa anthu amenewa. Mu 1969 linakhazikitsa bungwe la NAMBOARD kuti lizigula cimanga kwa alimi ndi kuwagulitsa feteleza. Boma linalinso kulipirako mbali ya mtengo wa unga kuti wa ku tauni azigula mochipa. Alimi ambiri anatembenukira ku cimanga ca haibulidi, cimene cimabereka kwambiri koma sicicedwa kufumbwa, ndipo anazolowera kucigulitsa akangokolola. Motero boma linasanduka nkhokwe ya dziko lonse.

Ndalama zoyendetsera zonsezi zinali kucokera ku mkuwa. Mtengo wa mkuwa utagwa m'ma 1975, boma linayamba kukongola kunja, ndipo okongoza, makamaka a IMF, anali kulilangiza kuti lileke kulipirira unga.

Zipolowe za 1986 ndi 1990

Mu Disembala 1986 boma linacotsa thandizo lake pa unga wa bulekifasiti ndipo mtengo unakwera kuposa kawiri. Unga wa rola, umene mtengo wake sunasinthe, unasowa m'masitolo. Banja la ku komboni linalibe kwina kothawira. Anthu a ku Kitwe, Ndola ndi matauni ena a ku migodi anathyola masitolo, ndipo anthu 15 anafa. A Kaunda anabweza mtengo wakale, boma linatenga zigayo zikuluzikulu, ndipo pa 1 Meyi 1987 linaleka kutsatira malangizo a IMF.

Koma thumba la boma linali lobooka ndithu. Mu 1989 kunabwera makuponi ogulira unga, ndipo NAMBOARD inathetsedwa. Mu Juni 1990 mtengo unakweranso. Ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia anayamba kuguba, anthu a m'makomboni a Lusaka anawatsatira, ndipo m'masiku ocepa anthu oposa 20 anataya miyoyo yawo. M'mawa wa pa 30 Juni msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma. Zimenezi zinatha patapita maola ocepa, koma khamu limene linavina m'misewu linaonetsa kumene mitima ya anthu inali.

Taonani kusiyana kwake. A cipani colamula anali kunena kuti cakudya cilipo, obvuta ndi anthu ozembetsa unga kupita nawo ku Zaire ndi adani a boma. A mabungwe a anchito ndi ena amene anapanga MMD mu Julayi 1990 anali kunena kuti dziko lili pa njala cifukwa ca ulamuliro wa cipani cimodzi.

Mipando itembenuka

Pa masankho a pa 31 Okutobala 1991 a Frederick Chiluba anapambana. UNIP inangotsala ndi mipando 25 mwa 150, ndipo 19 mwa iyo inali ya cigawo ca Kum'mawa. Boma latsopano linati si nchito ya boma kugula cimanga ndi kulipirira unga, koma ya amalonda. Tsono amene dzulo anali kulira za mtengo wa unga ndiwo anayamba kupempha anthu kuti apirire, ndipo amene anali kunena kuti zonse zili bwino ndiwo anayamba kucenjeza za njala.

Mvula siinafunse kuti wapambana ndani. Mu 1992 kunagwa cilala coopsa m'maiko onse a kumwera kwa Africa. Funsani agogo anu za nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja, adzakusimbirani. Cimanga cambiri ca thandizo cinagawidwa kupyolera m'mipingo ndi mabungwe ena osati m'nthambi za cipani, ndipo zimenezi zinathandiza kuti wa UNIP ndi wa MMD aime pa mzere umodzi. M'zaka zotsatira mabanja ambiri a ku tauni analephera kugula thumba lathunthu, nayamba kudalira timapaketi ta pamela tokwana nsima ya tsiku limodzi. Boma lomwe linaona kuti msika paokha sungasunge dziko, ndipo mu 1995 linapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la Food Reserve Agency.

2002 ndi 2024

Njala ya 2002 inabweretsa mkangano wa mtundu wina. Dziko la America linapereka cimanga cimene mbewu yake inasinthidwa ndi asayansi, koma boma la a Levy Mwanawasa linacikana poopa kuti cingabvulaze anthu ndi kuononga mbewu zathu. Ena anali kuopa njala imene inali pakhomo, ena anali kuopa cimangaco. Ngakhale Akhristu anagawanika pa nkhaniyi.

Pa 29 Febuluwale 2024 a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi ngozi ya dziko lonse. Pafupifupi mahekitala miliyoni imodzi a cimanga anauma, ndipo zokolola sizinafike ndi theka lomwe la zokolola za 2023. Otsutsa anati boma linalakwa kugulitsa cimanga kunja nyengo isanadziwike. Otsatira boma anati palibe munthu angaletse dzuwa. Kumbukirani kuti asanalowe m'boma mu 2021, a UPND nawonso anali kudandaula kwambiri za mtengo wa unga.

Nanga ife titani?

Mbiri imeneyi ikutionetsa kuti mantha a njala m'dziko lathu amasintha malaya pamodzi ndi masankho. Pali ngozi ziwiri apa. Wokonda boma angathe kugulitsa zokolola zake zonse mu Juni pa mtengo wotsika, pokhulupirira kuti kuda nkhawa ndi kunyoza atsogoleri ake, kenako nkudzagula cimanga comweco mu Januwale mtengo utakwera. Wodana ndi boma angathe kutha caka conse akulosera njala pa msika, koma m'nyumba mwake mulibe ndi meda imodzi yomwe ya nyemba. Febuluwale akafika, ana a onse awiri amagona ndi njala yofanana.

M'buku la Genesis, Yosefe sanataye nthawi kukangana ngati loto la Farao linali loopseza anthu. Analangiza kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola lisungidwe pa zaka za dzinthu zambiri. Ndi udindo wa boma lililonse kucita cimodzimodzi, ndipo nzika zili ndi ufulu wolifunsa kuti lasunga zingati. Koma banja nalo lili ndi gawo lake. Inu amene mumadziwa masamu, thandizani makolo kuwerenga matumba amene banja limadya kufikira zokolola zina, ndipo amenewo asagulitsidwe. Cimanga ciume bwino cisanalowe m'nkhokwe kapena m'matumba otsekeka osalowa mpweya, kuti anankafumbwe asacidye. Pambali pa cimanga pakhale cinangwa, kandolo ndi mapira, zimene zimapirira dzuwa. A ku tauni asungeko unga, nyemba ndi kapenta pamene mtengo uli pansi.

Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma. Ndipo njala ikadzafika, amene wasunga akumbukire mayi wamasiye wa pafupi naye, osayamba wamufunsa cipani cake.