Njanji ya Mulobezi: mbiri imene yagona m'shedi ya ku Livingstone

Mumzinda wa Livingstone ku Zambia muli shedi yakale momwe kampani ya Zambezi Sawmills inkakonzera mainjini a sitima zake. Lero shediyo ndi nyumba yosungiramo mbiri ya njanji, ndipo ikuyenera kusamalidwa chifukwa ikufotokoza mmene mzindawu unakulira. Mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya utatha mu 1905, njanji yochokera kummwera inaoloka Zambezi, ndipo pofika 1911 Livingstone anasanduka likulu la Northern Rhodesia mpaka 1935 pamene boma linasamukira ku Lusaka. Njanji iliyonse imafuna mitanda yolimba yoyalapo zitsulo, ndipo mtengo woyenera, wotchedwa mukusi, unali wochuluka m'nkhalango za kumadzulo. Choncho m'zaka za m'ma 1920 kampaniyo inayamba kuyala njanji yakeyake, imene inadzafika ku Mulobezi, mtunda wopitirira makilomita 160. Mainjini ake ambiri anali ogulidwa atagwirapo kale ntchito kwina, ndipo ankasonkhezera nkhuni m'malo mwa malasha. Ntchito ya kampaniyo itazilala m'zaka za m'ma 1970, katswiri wojambula zithunzi wa ku Britain, David Shepherd, anali mmodzi mwa amene analimbikira kuti mainjiniwo asathere kwa ogula zitsulo zakutha.

Ena amati zonsezi ndi zotsalira za atsamunda, ndipo ndalama zozisamalira ndi bwino zikakonzere njanji zimene anthu akugwiritsa ntchito lero. Dandaulo lawo ndi lomveka, pakuti njanji ya ku Mulobezi yakhala yofooka kwa zaka zambiri. Koma ndalama zoteteza injini ku dzimbiri ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zoyalira njanji, ndipo kusiya shediyo kuti igwe sikungafulumizitse sitima ngakhale imodzi. Kunena kuti mbiriyi ndi ya azungu okha nakonso nkuiwala amene anagwetsa mitengo, kucheka matabwa, kusonkheza moto ndi kunyamula mitanda pamapewa. Phindu linapita kwa eni kampani, koma thukuta linali la anthu akuda, ndipo nkhalango za mukusi zinachepa kwambiri. Injini iliyonse m'shedimo ndi umboni wa nkhani imeneyi.

Chimene chikufunika tsono ndi kukulitsa zimene nyumbayi imaphunzitsa. Oyang'anira afunefune okalamba amene anagwira ntchito pa njanjiyi pamodzi ndi ana awo, ajambule mawu awo, ndipo mayina a antchito alembedwe pafupi ndi mainjini amene ankayendetsa. Aphunzitsi nawo azipita kumeneko ndi ana asukulu. Ntchitoyi ichitike msanga, eni nkhani akadali moyo.