Kamba wa paulendo ndi mimba ya mlendo

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, adapita ku Halale wapansi kawiri. Akamatisimbira za maulendowo madzulo pabwalo kwathu ku Dedza, sankayambira pa mikango ya m'njira kapena pa ng'ona za mu Zambezi monga ife ana tinkafunira. Ankayambira pa thumba limene agogo aakazi adawamangira usiku woti mawa lake anyamuka. Ankatchula za m'thumbamo chimodzichimodzi ngati akuwerenga ana awo: ufa, chimanga chokazinga, mtedza, mfutso wa nkhwani, kamchere komanga m'kansanza, kamphika, ndi chipanda cha madzi chomanga chingwe pakhosi. Akatha kutchula ankati, "Adzukulu, woyenda ulendo ndi mimba. Miyendo imangotsatira."

Ndidadzamvetsa mawu amenewa nditakula, vuto limene ambiri timalibisa litandigwira ine ndemwe kuchilendo. Vutolo ndi kudzimbidwa, osati kuja kobwera chifukwa chodya mopitiriza pa ukwati, koma kuja koti masiku akupita munthu osapita kuseri, mimba ili gwa, chakudya osachifuna. Kumakonda kugwira munthu amene wachoka pakhomo pake, makamaka pa tchuthi. Ndikufuna ndilondole mbiri ya momwe ife takhala tikulimbanirana nako, chifukwa ndikuona kuti pa nzeru ziwiri zimene tidalandira, tasunga yoopsa ndi kutaya yothandiza.

Nzeru yoyamba ndi ya kamba. Boma la atsamunda litayamba kutolera msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, amuna ambiri adayamba kutuluka m'dziko kukafuna ndalama ku minda ya azungu ndi ku migodi. A kwathu ankadutsa ku Angonia, kutsikira ku Tete, kuoloka Zambezi pa bwato, kenako kukwera mtunda kudzera ku Mutoko mpaka ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Unali ulendo wa masabata. Munthu wodwala m'mimba ankachedwetsa gulu lonse, ndipo kutsala wekha m'tchire limenelo kunali kudzipereka kwa zilombo. Choncho kamba sankamangidwa mwachisawawa. Chimanga chokazinga chimadyedwa ndi gaga wake yemwe. Mtedza uli ndi mafuta. Mfutso ndi masamba, ngakhale ouma. Akafika m'chigwa cha Zambezi ankatola masau, malambe ndi bwemba, ndipo agogo ankati bwemba woviika m'madzi ankam'mwa aliyense amene wagona masiku awiri osapatuka. Pamwamba pa izo ankayenda tsiku lonse, ankamwa pa mtsinje uliwonse umene aoloka, ndipo thengo linali paliponse. Munthu akamva kuti nthawi yakwana ankangoti, "Tsogolani, ndikupezani," anzake osafunsa china.

Anthu amenewa sadalowe m'kalasi, koma zimene ankachita ndi zomwezo zimene madokotala amalangiza lero. Chakudya chikagayika, zotsala zimatsikira m'matumbo aakulu, ndipo ntchito ya matumbo amenewo ndi kuyamwa madzi. Zotsalazo zikakhalitsa zimauma ndi kulimba. Gaga, masamba ndi zipatso zimasunga madzi m'zotsalazo kuti zikhale zofewa, ndipo kuyenda kumathandiza matumbo kukankha. Thupi limaitana lokha, makamaka m'mawa munthu akangodya. Ukalikaniza kangapo, limaleka kuitana. Achipatala amati munthu wadzimbidwa ngati akupita kuchimbudzi kosakwana katatu pa sabata, kapena ngati chimbudzi chikutuluka movutikira, chouma ngati cha mbuzi.

Nzeru yachiwiri ndi ya kutsuka m'mimba. Makolo anali nayo mizu yawo yotsegula m'mimba, koma mwambo wa botolo ndi mbulu udadza ndi azungu. David Livingstone, amene adafika pa nyanja yathu mu 1859, ankakhulupirira kuti malungo sangachoke m'thupi la munthu womangika m'mimba. Adapanga mapiritsi ake osakaniza kwinini ndi mankhwala atatu otsegula m'mimba, jalap, rhubarb ndi calomel. Mapiritsiwo adatchuka ndi dzina loti Livingstone's Rousers, ndipo kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inkawagulitsa kwa apaulendo iye atamwalira kale. Chimene chinkachiritsa malungo m'mapiritsiwo chinali kwinini. Calomel ali ndi mercury, chiphe chimene chimaononga nkhama, mano ndi impso. Komabe maganizo oti mlendo wanzeru amayenda ndi mankhwala otsukira m'mimba adakhazikika, ndipo adalowa m'nyumba zathu kudzera m'masitolo, m'masukulu ndi m'masutikesi a obwerera ku migodi.

Bambo anga adapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, m'zaka za m'ma 1960. Iwo sadayende wapansi ngati apongozi awo. Adakwera ndege mpaka ku Francistown, kenako sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Ulendo wa masabata udasanduka wa masiku ochepa, wokhala pansi, ndipo kamba wa pakhomo adalowedwa m'malo ndi buledi. Njira imeneyo idatsekedwa mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha anthu a ku Malawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Koma zimene amuna aja adabwera nazo zidatsala. M'sutikesi ya bambo, pansi pa bulangete ndi jekete, munali paketi ya mchere wa Epsom ndi botolo la mafuta a nsatsi a kusitolo. Nsatsi tinkazidziwa kale. Agogo aakazi ankazikazinga, kuzisinja ndi kuziwiritsa kuti ayengule mafuta odzola, ndipo ankatiopseza kuti mwana asayerekeze kutafuna njere yake chifukwa imapha. Chachilendo chinali chakuti mafutawo tsopano ankamwedwa ndi supuni, pa tsiku loikika, munthu asakudwala n'komwe.

Ku sukulu yogonera komweko kumene ndidaphunzira, Loweruka loyamba tikabwera ku tchuthi tinkaima pamzere m'mamawa, aliyense kapu m'manja. Ankatithirira madzi owawa a mchere uja, amvekere titsuke za kumudzi. Tsiku lonselo ana ankathamangira kuchimbudzi, ena mpaka kufooka osatha kuima. Pakatha masiku atatu ambiri tinkamangikanso kuposa poyamba, popeza matumbo okolopedwa mokakamiza amatenga nthawi kuti abwerere mwakale. Aphunzitsi athu ankachita zimenezi ndi mtima wabwino, chifukwa nawonso adaleredwa choncho. Koma phunziro limene tidatuluka nalo linali lolakwika: loti mimba ndi chinthu chofunika kuchikwapula kuti chimvere.

Pali chinthu chachitatu chimene sichidachokere kwa azungu, ndipo ndi chimene chimapweteka alendo ambiri pa tchuthi. Ndi ulemu wathu womwe. Kwathu mlendo sapatsidwa mgaiwa. Amayi amakonola chimanga, kupeta gaga, kuviika mphale, kuti ufa uyere mbee, ndipo gagayo amapita kwa nkhuku ndi nkhumba. Mlendo amam'phera nkhuku, amam'phikira mpunga, m'mawa tiyi ndi buledi. Ndiwo zamasamba zimabisidwa kukhitchini ngati chinthu chochititsa manyazi. Chakudya chilichonse chimene chikadam'thandiza timachichotsa pa mphasa yake pofuna kum'lemekeza.

Ndidaziona zimenezi pa Khrisimasi ya 1986, nditapita koyamba kukacheza kwa akazi anga ku Nkhotakota. Tidakhala m'basi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine osamwa madzi poopa kuvutitsa dalaivala. Titafika adatilandira ndi manja awiri. Tsiku loyamba mpunga ndi nkhuku, lachiwiri kondowole ndi chambo, lachitatu mpunga ndi nyama ya mbuzi, zakumwa za m'mabotolo zosatha. Kunkatentha, thukuta lili kamukamu. Chimbudzi chinali kuseri kwa khitchini, chitseko chake chiguduli, ndipo njira yopitira kumeneko inkadutsa pamene apongozi anga aakazi ankakhala tsiku lonse akutsuka mbale ndi kusankha mpunga. Mkamwini wa masiku amenewo akakumana ndi apongozi panjira ankapatukira kutchire. Nanga akadadutsa bwanji pamaso pawo kulowera kuchimbudzi? Thupi likaitana ndinkati ndidikire mdima. Mdima ukafika, kuitana kuja kunali kutatha. Pofika tsiku lachinayi mimba inali itauma ngati ng'oma, mutu ukuwawa, nsima ndikungoitsina.

Amene adazindikira anali agogo a akazi anga, gogo wa maso ofooka koma wosaphonya kanthu. Adandiitanira pansi pa mtengo wa mango pamene ankaluka mkeka, nandiuza kuti ndikhale pafupi.

"Amuna anga, mbale zanu zikubwerera zodzaza. Kodi mdzukulu wangayu sadziwa kuphika?"

"Iyayi agogo, chakudya n'chokoma."

"Nanga kuseri kuja mwapitako liti chibwerereni?"

Ndidangoti zyoli.

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," adatero motsitsa mawu. "Ife sitingamve za m'mimba mwanu. Pano ndi panu, musafe ndi manyazi."

Sadatume mwana kusitolo. Adathyoletsa papaya wakupsa, nandiuza kuti ndidye theka lonse pomwepo. Adaviika bwemba m'madzi ofunda, ndidamwa makapu awiri. Madzulo pa mphasa yanga padabwera nsima ya mgaiwa, therere ndi chigwada chotendera, gogoyo atauza apongozi kuti mlendo wapempha yekha. M'bandakucha adandidzutsira alamu anga kuti tipite wapansi kunyanja kukaona asodzi akukocheza, ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera. Pobwerera ndidapeza anyamata atazika mpanda wa udzu kuchokera pa nyumba imene tinkagona mpaka kuchimbudzi, moti munthu ankatha kupita osaonedwa ndi a kukhitchini. Palibe adanena chifukwa chake. Tsiku lomwelo dzuwa lisanafike pamutu ndidapepukidwa, ndipo masiku otsala a tchuthicho ndidadya ndi kuseka ngati mwana wa pakhomopo.

Gogo uja adachita zinthu zinayi: adandipatsa madzi, adandibwezera masamba ndi zipatso, adandiyendetsa, ndipo adandichotsera manyazi. Ndi zomwe zija zinali m'thumba ndi m'njira ya agogo anga a ku Halale.

Lero ana athu akudutsa njira yomweyo pa basi. Amatulukira pa Mwanza, kuoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kukatulukira pa Beitbridge kulowera ku Joni, usana ndi usiku ali chikhalire. Disembala akafika amabwerera ndi katundu wodzaza ngolo kudzadya Khrisimasi kumudzi. Ena amakwera Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, n'kugona pa sitimayo kupita ku Likoma kapena ku Nkhata Bay. Ndikaona zimene anyamula m'manja, ndi buledi, mabisiketi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera. Madzi amawapewa dala kuti asavutike m'njira. Akafika n'kumangika, amathamangira mapiritsi otsegula m'mimba pa okala, ena mizu yosadziwika muyeso wake, ndipo ndidamvapo amayi akupopera mwana madzi a sopo kumbuyo. Chimenecho n'choopsa, chimatha kuotcha matumbo a mwana. Mankhwala ofewetsa chimbudzi alipo abwino, ndipo wachipatala kapena wa ku famase angakuuzeni oyenera ndi muyeso wake. Koma ndi othandizira masiku ochepa pamene madzi, zipatso ndi kuyenda zalephera, osati poyambira.

Palinso pamene papaya ndi bwemba sizingathandize. Ngati mimba yatupa, ikupweteka kwambiri, munthu akusanza ndipo ngakhale mpweya sukutuluka, mwina matumbo apotana kapena atsekeka. Matenda amenewa madokotala a opaleshoni m'zipatala zathu zazikulu amakumana nawo kawirikawiri, makamaka mwa amuna, ndipo kumwa mankhwala otsegula m'mimba pamenepo ndi kuwonjezera ngozi. Chimodzimodzi ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati munthu akuwonda osadziwa chifukwa, kapena vutolo lapitirira masabata atabwerera kale kwawo. Wotereyo apite kuchipatala msanga, ngakhale Khrisimasi ili pakati.

Tsono inu amene mukumanga katundu wa tchuthi, mangani kamba monga ankamangira makolo. Ikanimo botolo la madzi abwino, mtedza, chimanga chokazinga, mango kapena malalanje, ndipo basi ikaima tsikani muwongole miyendo. Mukafika, pemphani ndiwo zamasamba mosaopa, ndipo thupi likaitana pitani nthawi yomweyo. Nanunso olandira alendo, nkhuku iphedwe ndithu, koma pambali pake pakhale nkhwani, bonongwe kapena nyemba, ndi mtsuko wa madzi pafupi. Ikani chitseko chenicheni pa chimbudzi, ndipo mlendo akangofika, mwana amulozere njira yake asanafunse. Kumeneko ndiye kulandira mlendo.